Liwiro limachokera ku thirela, osati pa chikwangwani

Achimwene, mwafunsa kuti poti mwagula pikiapu ndi thirela kuti muyambe geni yokatenga katundu ku Joni, muziyenda pa liwiro lanji, popeza zikwangwani za pa msewu wa N1 ku South Africa zimalemba makilomita 120 pa ola. Ine ndimayenda pa 80. Msewu ukakhala wosalala, kuli duu kopanda mphepo, katundu ali wopepuka, ndimafika pa 90. Kupitirira apo ayi, ngakhale mwini katundu aziimba foni kangati.

120 ija analembera galimoto yoyenda yokha. Inu kumbuyo mwamangirira mafiriji, makatoni a mafuta ophikira, matailosi, zonse zitakhala pa timatayala tiwiri. Liwiro likachoka pa 80 kufika pa 120, mtunda umene mabuleki amafuna kuti muime suwonjezeka ndi theka chabe, umaposa kawiri. Ndiye ganizani thirela yopanda mabuleki akeake, ija yosapitirira makilogalamu 750 imene laisensi ya B imalola. Mukaponda buleki, katundu yense uja amabwera kudzakukankhani. Thirela yolemera kuposa apo imafuna laisensi ya EB, ndipo apolisi a pamsewu ku South Africa amafunsadi.

Koma chimene chimagwetsa anthu kwenikweni ndi kuvina kwa thirela. Thirela iliyonse ili ndi liwiro lake limene imayambira kugwedeza mchira, ndipo liwirolo mumalikhazikitsa nokha popakira ku Joni kuja. Zolemera ziyenera kukhala pansi, pamwamba pa ekisero ndi kutsogolo pang'ono, kuti pa chokolekera pazitsamira pafupifupi gawo limodzi mwa magawo 10 a kulemera konse. Mukaika zolemera kumbuyo, thirela imene ikanayenda bwinobwino pa 90 iyamba kuvina pa 60.

Ine zinandionekera ulendo wanga wachitatu. Makatoni a matailosi anabwera mochedwa, titamanga kale tenti, ndiye tinangowaponya kumapeto. Titadutsa Polokwane, thiraki inandipitirira, mphepo yake n'kukankha thirela. Pagalasi ndinaona tenti ikupita kumanja, kubwerera kumanzere, kenaka chiwongolero chinapepuka m'manja ngati matayala akutsogolo sakugundanso phula. Mayi amene ndinawatenga, eni ake a theka la katunduyo, anangogwira dashibodi osalankhula. Chinandipulumutsa ndi mawu a dalaivala wachikulire amene anandiphunzitsa njirayi: chotsa phazi pa moto, usaponde buleki mwamphamvu, chiwongolero chigwire chilunjike, usalimbane nayo. Inavina kanayi kapena kasanu, n'kukhazikika. Tinaima pambali n'kupakula thirela yonse, kupakiranso, dzuwa likutiwamba.

Njira yathuyi ilinso ndi malo amene ngakhale 80 ndi yambiri. Mukadutsa Louis Trichardt mumakwera mapiri a Soutpansberg, kenaka kutsetsereka kudzera m'mphanga zoboola phiri kulowera ku Musina. Pamenepo lowetsani giya yotsika, ija yamphamvu, musanayambe kutsika, injini izigwira galimoto, chifukwa mabuleki akatentha amangonunkha osaluma. Kuchoka pa Beitbridge kupita ku Masvingo, abulu ndi ng'ombe zimaima pakati pa msewu, ndipo usiku bulu saoneka mpaka mutamufika. Ine chigawo chimenecho sindiyenda mdima utagwa. Kuchoka pa Nyamapanda kutsikira ku Tete mdani ndi kutentha. Phula limaotcha, matayala a thirela ndi aang'ono, amazungulira kambiri kuposa a galimoto, ndiye ndi amene amayamba kuphulika. Pakatha maola awiri aliwonse ndimaima n'kuika dzanja pa habu, chitsulo cha pakati pa tayala la thirela. Ikakhala yofunda chabe, tiyeni. Ikandiotcha, ndiye kuti beringi ikutha girizi, sindisuntha mpaka nditaiona. Mpweya wa m'matayala muziyeza m'mawa asanatenthe, ndipo musauphwetse masana poganiza kuti wachuluka.

Ndikudziwa chikukuvutani ndi nthawi, poti ndalama ya geniyi ili pa kuchuluka kwa maulendo. Kuchoka ku Johannesburg kufika pa Beitbridge ndi makilomita opitirira 500. Wothamanga pa 110 amakusiyani ndi maola osakwana awiri. Koma pakati pa Joni ndi Blantyre pali maboda atatu, la Beitbridge, la Nyamapanda-Cuchamano, kenaka la Zobue-Mwanza, ndipo paliponse pali mzere ndi mapepala. Kangapo konse amene anandipitirira ku Mokopane ndawapeza pa Beitbridge akudikira pa windo lomwelo, mafuta atawotcha ochuluka kuposa ine. Ngati mukufuna kufika msanga, konzani malisiti ndi mndandanda wa katundu wa munthu aliyense musananyamuke, kuti pa Mwanza a MRA asakupakulitseni thirela yonse pofuna katoni imodzi.

Musanapite ulendo woyamba, pakirani matumba a chimanga olemera ngati katundu weniweni, muyende nawo msewu wa Zalewa mpaka ku Mwanza n'kubwerera. Muziwonjezera liwiro pang'onopang'ono, diso lili pagalasi. Pamene mungaone mchira ukuyamba kusuntha, chotseranipo 15, ndipo limenelo ndiye liwiro la thirela yanu.