Buku losatha kulembedwa ndi shopu yosatsegulidwa

Makalata atatu a sabata ino achokera kwa anthu osadziwana, koma onse akudandaula chinthu chimodzi: chaka chikutha, zimene anadzilonjeza mu Januwale zikadali m'mutu. Ndiyamba ndi ya aphunzitsi, chifukwa ndi imene yandikhalitsa pansi nthawi yaitali.

"Ndine mphunzitsi wa pulayimale m'boma la Dedza. Kwa zaka 4 ndakhala ndikulemba buku la nkhani yopeka m'Chichewa. Chaka chilichonse ndimati chaka chino lituluka, koma Disembala amandipeza ndili pa mutu wachitatu womwewo. Tsopano ndaganiza zokongola ndalama ku SACCO yathu kuti ndisindikize makope 1,000, mwina ngongoleyo indikakamiza kumaliza. Mukuona bwanji?"

Aphunzitsi, ngongoleyo musatenge. Ndayamba ndi mawu amenewa poopa kuti mungawerenge theka la yankho n'kuthamangira kukadzaza fomu. Ngongole ikangotuluka, kubweza kumayamba, kaya buku latha kaya silinathe, ndipo munthu amene malipiro ake adulidwa salemba bwino usiku. Amagona akuwerengera ufa ndi sopo.

Taonani mawu amene mumadziuza aja, akuti buku lituluke chaka chino. M'mawu amenewa mwabisala anthu ambiri: wosindikiza, wokonza kalembedwe, wogulitsa pepala, ogula. Onsewa simungawalamule. Chimene chili m'manja mwanu ndi cholembera ndi kope basi, ndiye cholinga chanu chikhale pamenepo. Tiyeni tiwerengere limodzi. Tinene kuti nkhani yanu idzatha ndi mawu 40,000. Tsamba limodzi la kope la kusukulu likadzaza ndi dzanja la munthu wamkulu limanyamula mawu pafupifupi 200. Tsamba limodzi pa tsiku, masiku asanu pa sabata, ndi mawu 1,000. Masabata 40 akakwana nkhani yatha, ndipo m'chaka mwatsalabe masabata 12 a mayeso, kuchonga mapepala a ana, maliro ndi malungo. Inu nomwe mumadziwa kugawa silabasi ya chaka chonse m'masikimu a teremu ndi teremu. Chitani zomwezo ndi buku lanu.

Tsamba limenelo lipatseni nthawi yake yodziwika. Ambiri amene ndawaona akumaliza mabuku ali pa ntchito amalemba m'mamawa, ana asanadzuke, mutu usanadzaze ndi phokoso la kalasi. Musadikire kompyuta, musadikire magetsi. Lembani m'kope, Loweruka muzitaipa pa foni zimene mwalemba sabata yonse n'kuzitumiza ku imelo yanu, kuti foni ikabedwa kapena kope likanyowa, ntchito ya miyezi isapite. Ndipo pezani munthu mmodzi, mphunzitsi mnzanu kapena mlongo wanu, woti Lachisanu lililonse muzimutumizira masamba asanuwo pa WhatsApp. Asakhale woweruza ngati nkhani ikukoma. Ntchito yake ndi kufunsa kuti, "Masamba a sabata ino ali kuti?"

Ndikukayikira chinthu china. Munthu wokhala pa mutu wachitatu zaka 4 nthawi zambiri sikuti ndi waulesi. Amabwerera ku mutu woyamba kukausalaza, n'kuusalazanso, mpaka chaka chatha. Lekani kubwerera m'mbuyo. Pitani kutsogolo mpaka mawu omaliza, ngakhale mitu ina ituluke yokhota. Nkhani yokhota imawongoleka, koma tsamba lopanda kanthu palibe angalikonze.

Tsopano za makope 1,000. Nambala imeneyi mwaitenga kuti? Musanalankhule ndi wosindikiza aliyense, tengani pepala mulembe mayina a anthu amene mukudziwa ndi mtima wonse kuti adzatulutsa ndalama kugula bukulo. Osati amene adzakuyamikireni, koma amene adzalipire. Mukafika pa mayina 80, sindikizani makope 100 kapena 150. Ndinalowapo m'nyumba ya mnzanga wina amene anasindikiza mabuku ambiri ndi ndalama za ngongole. Makatoni anali pansi pa bedi, ena chiswe chitayamba kale kuwalowa, ngongole ikudulidwabe mwezi ndi mwezi. Buku linali labwino, ndinaliwerenga. Mpaka lero zimandipweteka ndikakumbukira nkhope yake potsegula katoni lija.

Wosindikiza adzakuuzani kuti makope akachuluka mtengo wa limodzi umatsika, ndipo akunena zoona. Koma buku lotchipa limene silinagulidwe ndi ndalama yogona. Pitani kwa osindikiza atatu, aliyense akulembereni mtengo wake papepala, ndipo mufunse kuti mtengowo ukhala masiku angati usanasinthe. Pepala ndi inki zimachokera kunja, ndiye mtengo wake umatsata dola. Kwacha itagwetsedwa ndi 25 peresenti mu Meyi 2022, kenako ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, amene anasunga ndalama za kusindikiza potengera mtengo wakale anapeza kuti sizikukwananso. Poika mtengo wa buku, kumbukirani kuti ogulitsa mabuku m'mashopu amatengapo gawo lawo, ndipo ambiri amakupatsani ndalama buku likagulidwa, osati tsiku limene mwalisiya.

Njira imene ndimaikonda ndi yoti ogula alipiriretu. Nkhani ikatha n'kukonzedwa, uzani anthu a pa mndandanda uja kuti buku lituluka mwezi wakuti, ndipo wolipira tsopano pa Airtel Money kapena Mpamba adzalandira lake loyamba, losainidwa. Ndalama zimenezo ndi zimene zipite kwa wosindikiza. Lembani dzina la aliyense wolipira ndi tsiku lake, ndipo ndalamazo musazikhudze pa china chilichonse, chifukwa si zanu kufikira buku litafika m'manja mwawo.

Pali ndalama ina imene ndingakulimbikitseni kuwononga mosanyinyirika: ya munthu wodziwa bwino kalembedwe ka Chichewa woti awerenge buku lonse lisanapite ku makina. Maso a mwini nkhani saona zolakwa zake. Olemba anzanu a ku Malawi Writers Union angakulozereni anthu otere. Nambala ya ISBN, yozindikiritsa buku lanu pakati pa mabuku ena onse, imatengedwa ku National Archives ku Zomba, ndipo za umwini wa ntchito yanu kaonaneni ndi a COSOMA, bungwe loteteza umwini wa ntchito za olemba ndi aluso ena. Mwina mumtima mukulakalaka kuti bukulo lidzalowe m'sukulu. Chilakolako chimenecho n'chabwino, ndipo mabuku a m'sukulu amaunikidwa ku Malawi Institute of Education ku Domasi, koma musamangirepo ngongole. Chigamulo chimenecho n'cha anthu ena, chimabwera pa nthawi yawo.

Kalata yachiwiri yachokera ku Area 25 ku Lilongwe.

"Ndimagulitsa kaunjika pa benchi, ndimaoda belo imodzi pa mwezi. Ndikufuna chaka chamawa ndikhale ndi shopu yanga. Ndapeza kachipinda ka lendi ya K60,000 pa mwezi. Ndili mu banki mkhonde, koma ndalama zikangolowa m'manja sindiona komwe zapita. Achibale akadziwa kuti ndatsegula belo, foni siileka kulira."

Mayi, zikomo polemba mosabisa. Funso langa loyamba ndi ili: shopuyo mukuifuniranji? Ngati n'chifukwa chakuti mvula imanyowetsa katundu ndipo kunyamula zovala m'mawa ndi madzulo kwakutopetsani, chifukwa chimenecho n'chomveka. Ngati n'chifukwa chakuti shopu imapatsa ulemu, dikirani kaye, poti lendi siyang'ana ulemu. Tinene kuti chovala chilichonse chimakusiyirani phindu la K1,000 mutachotsa mtengo wa belo, thiransipoti ndi chiphaso cha pamsika. Lendi yokha ikufuna zovala 60 pa mwezi musanadyepo kanthu. Belo yanu imodzi ili ndi zovala zingati zabwino zogulika pa mtengo wabwino? Mukudziwa nokha kuti m'belo muli zoyamba zimene zimapita tsiku lotsegula, ndipo muli zotsalira zimene mumazigulitsa mongotaya. Belo imodzi pa mwezi singadyetse banja n'kulipiranso eni nyumba.

Ndiye ine ndikadakhala inu, cholinga cha chaka chino chikadakhala mabelo, osati shopu. Kuchoka pa belo imodzi pa mwezi kufika pa awiri, kenako atatu. Ndipo muziwerenga chuma chanu m'mabelo, osati m'makwacha. Ichi ndikuchinena motsindika. Mutha kuona ndalama za m'chikwama zikuchuluka chaka ndi chaka n'kumasangalala, pamene belo yomweyo yakwera mtengo kuposa mmene ndalama zanu zakwerera. Amalonda ambiri anagwa motero kwacha itagwa mu 2023: anagulitsa katundu wakale pa mtengo wakale, atapita kukaoda anapeza kuti ndalama zonse sizikugulanso katundu amene anali naye. Poika mtengo pa chovala, muzifunsa kuti belo ikugulidwa bwanji lero, osati munaigula bwanji mwezi watha.

Za ndalama zosaoneka komwe zapita, mankhwala ake ndi kope lotchipa. Madzulo aliwonse lembani zimene zalowa ndi zimene zatuluka, ngakhale ya mandazi a mwana. Chitani zimenezi masiku 30 musanasinthe chilichonse. Mudzaona nokha pamene pakudontha. Kenako dziikireni malipiro, ndalama yodziwika pa sabata imene mumatenga kupita nayo kunyumba ngati wantchito wa bizinesiyo. Mpamba wa bizinesi ukhale kwina, ndalama ya pakhomo kwina, ngakhale zitatanthauza kusunga ina pa foni ina m'chitini.

Nkhani ya achibale ndi yolemera, ndipo sindikuuzani kuti muwatsekere khomo. Tonse tinaleredwa ndi manja ambiri, ndipo mawa ndi inu mudzafune thandizo. Koma thandizolo lizichokera m'malipiro anu aja, osati mumpamba. Patulani kagawo ka mwezi ka achibale ndi zamaliro. Kakatha, mutha kunena ndi mtima woyera kuti, "Achimwene, za mwezi uno zatha, zotsalazi ndi za belo." Mukadya za belo, mwezi wamawa simuthandiza aliyense, ngakhale ana anu.

Mu banki mkhonde pitirizani, koma muzikongolamo ndalama yokagulira katundu amene abweze yekha ngongoleyo ndi chiwongoladzanja chake. Fizi ya ana musaikongole kumeneko mwadzidzidzi: mumadziwa kuti sukulu imatsegulira mu Seputembala, mu Januwale ndi cha mu Epulo, ndiye igaweni m'masabata n'kumaiponya padera pang'onopang'ono. Kwa akatapila musayandikireko n'komwe. Muganizirenso nyengo. Januwale ndi Febuluwale anthu ndalama zawo zimapita ku chimanga ndi feteleza, malonda a zovala amazizira. Anthu akakolola, fodya akayamba kugulidwa ku Kanengo, ndalama imayenda, ndipo Juni akamayandikira majuzi ndi majekete amathamanga. Belo yachiwiri ija iyambireni nyengo imeneyo. Mukadzatha miyezi 6 yotsatizana mukugulitsa mabelo atatu, muli ndi lendi ya miyezi itatu padera, mudzandilemberenso tikambe za kachipinda kaja.

Yomaliza ndi ya mnyamata wathu amene ali ku Johannesburg. Akuti amagwira ntchito m'shopu, amalemba ndakatulo usiku, ndipo pofika chaka chamawa akufuna kumanga nyumba kwawo ku Mangochi, kugula njinga yamoto ya kabaza, kujambulitsa ndakatulo zake, kutsegula grosale ya amayi ake ndi kukwatira. Akufunsa kuti ayambe ndi chiti.

Achimwene, akulu anati ichi chakoma ichi chakoma pusi anagwa chagada. Zonse zisanu ndi zabwino, koma malipiro ndi amodzi. Zigaweni pawiri: zobweretsa ndalama ndi zodya ndalama. Nyumba ndi ukwati zimadya. Njinga ndi grosale zitha kubweretsa, ngati pali munthu wokhulupirika woziyang'anira. Pa ziwirizi ine ndingayambe ndi grosale, chifukwa amayi anu ali pompo tsiku lililonse ndipo mutha kuyamba ndi katundu wochepa. Njinga yoyendetsedwa ndi munthu wina inu muli kutali imakhala ndi nkhani zambiri: lero tayala, mawa apolisi, mkuja ngozi. Mugwirizane ndi amayi kuti Lamlungu lililonse wina pakhomopo azijambula tsamba la kope la malonda n'kukutumizirani, ndipo mutumize katundu wachiwiri pokhapokha mutaona masamba a mwezi woyamba.

Ndakatulo musaziike pa mzere wodikira ndalama, chifukwa sizikufuna ndalama panopa. Foni muli nayo. Ndakatulo imodzi pa mwezi, yolembedwa bwino, yolakatulidwa m'chipinda chopanda phokoso, n'kuitumiza kwa anthu akwathu pa WhatsApp ndi Facebook. Chaka chikatha muli nazo 12, ndipo mudzakhala mutadziwa zimene anthu akuzipempha kuti muwatumizirenso. Zimenezo ndi zimene mudzalowe nazo mu situdiyo. Za ukwati kambiranani ndi mnzanuyo komanso ankhoswe anu, muwauze tsiku limene thumba lanu lingakwanitse, ndipo njerwa za nyumba zidikire grosale ithe chaka ikudziyendetsa yokha.