FRED ndi Nomulus si zanu, achimwene, yambirani pa EPP

Achimwene, mwati mumasungira anthu mawebusayiti ku Lilongwe, tsopano mukufuna kumagulitsanso madomeni, ndipo mukufunsa ngati muike FRED kapena Nomulus poti ndalama za WHMCS, pulogalamu yolipira yoyendetsera mainivoisi ndi makasitomala, zakukulirani. Ziwiri zonsezo zisiyeni kaye.

Mapulogalamu amenewa ndi a registry, eni nkhokwe ya madomeni onse a dziko kapena a dzina limodzi. FRED anaipanga a CZ.NIC ku Czech Republic, ndiyo imayendetsa .cz, ndipo .tz ya anzathu a ku Tanzania imayendanso pa iyo. Nomulus ndi ya Google, anaitulutsa poyera mu 2016, imanyamula .app ndi .dev. Inu mukufuna kukhala registrar, wa golosale amene amakapikula kunkhokweko n'kumagulitsa kwa anthu. Mukaika FRED pa seva yanu mukhala ndi nkhokwe yopanda chimanga.

Chimene muyenera kuchidziwa bwino ndi EPP, chilankhulo chimene seva yanu imalankhulira ndi registry. Malamulo ake ali mu RFC 5730 mpaka 5734, ndipo nthawi zambiri imadutsa pa port 700 ndi satifiketi ya TLS. Simufunika kulemba zonse nokha. Ngati mumadziwa PHP, tengani php-epp-client ya Metaregistrar. Ngati ndinu a Perl, pali Net::EPP ndi Net::DRI. Registry ikakhala ya FRED, pali kachida kake kotchedwa fred-client komwe mumalembamo malamulo ndi manja n'kuona yankho pompo. Ine ndinaphunzirira pamenepo: kufunsa ngati dzina lilipo, kulilembetsa, kuliwonjezera chaka, kulisamutsa. Pemphani malo oyeserera musanakhudze domeni ya munthu aliyense. Pezaninso IP yosasinthasintha, chifukwa ma registry ambiri amatsegulira IP yomwe munalembetsa yokha basi.

Pa za mainivoisi, FOSSBilling ikukwanirani. Inachokera ku BoxBilling mu 2022 ndipo ndi yaulere. Koma mudzafunika kukonza nokha njira yolandirira Airtel Money ndi Mpamba, apo ayi muzitsimikizira malipiro ndi manja. Onaninso Namingo, ali ndi gawo la ma registrar. Ya DNS, yomwe imalozera dzina la domeni ku seva yake, sivuta: PowerDNS, Knot DNS, NSD kapena BIND, iliyonse igwira ntchito, bola maseva akhale awiri m'malo osiyana. Mukamaliza yesani ndi Zonemaster.

Chomwe chimandidetsa nkhawa kwambiri ndi tsiku lomwe domeni ikutha. Chaka china ndinasamutsa seva n'kuiwala kudzutsa cron, kapulogalamu koyendetsa ntchito pa nthawi yoikika, makalata okumbutsa anthu anangoima ziii. Lolemba lina m'mawa, mphunzitsi wamkulu wa sukulu ina anandiimbira mawu akunjenjemera, akuti maimelo a makolo sakulowa, webusayiti yazima, ndipo inali sabata yolembetsa ana. Domeni inali itatha Loweruka. Tinaipulumutsa tsiku lomwelo, koma mpaka lero m'mawa uliwonse ndimayamba ndaona ngati cron yayenda, ndiponso ndimawerenga mauthenga a poll, zidziwitso za pa EPP zochokera ku registry. Pa domeni iliyonse lembani nambala ya foni ndi imelo yachiwiri yosakhala ya domeni yomweyo, ndipo mwini wake alembedwe kasitomala, osati inu.

Za .com musathamangire chilolezo cha ICANN, bungwe lomwe limavomereza ma registrar a madomeni otere. Kufunsira kokha ndi madola 3,500, kenaka madola 4,000 chaka chilichonse, kuwonjezera kusungitsa deta kwa ena ndi kuyendetsa RDAP, njira yofufuzira zambiri za domeni, yomwe yalowa m'malo mwa WHOIS kuyambira pa 28 January 2025. Khalani reseller, wogulitsa m'malo mwa registrar wamkulu amene ali kale ndi module mu FOSSBilling. Ya .mw ndiye lankhulani ndi a Malawi SDNP, omwe ndi registry yake, akuuzeni zofunika. Akakupatsani malo oyeserera mundiuze, tidzayesere limodzi kulowa koyamba.