Musanagule master cylinder yaikulu ya Roadster yanu

Achimwene, ndawerenga funso lanu mofatsa. Mwati Eunos Roadster yanu ya 1996, galimoto yomwe kunja kwa Japan imadziwika kuti Mazda MX-5, ili ndi pedulo ya mabuleki yofewa ngati siponji ndipo imatsika kwambiri isanayambe kugwira, ndiye mukufuna kudziwa ngati kuikamo master cylinder (pampu imene pedulo imakankha potumiza mafuta ku mabuleki) ya inchi imodzi kungathetse vutoli. Ingathe kuilimbitsa pedulo ndithu, koma siidzachititsa kuti galimotoyo iziima msanga, ndipo ngati kufewako kwayamba miyezi yomwe ino, ndiye kuti pali chimene chawonongeka chomwe master cylinder yatsopanoyo ingangochiphimba.

Master cylinder imagwira ntchito ngati sirinji ya jakisoni. Pisitoni yaikulu imakankha mafuta a mabuleki (brake fluid) ambiri ngakhale itayenda pang'ono, n'chifukwa chake pedulo imakhala yaifupi, koma mphamvu ya phazi lanu imamwazikira pa malo aakulu, motero mphamvu yofika ku mapadi, omwe amapana disiki ya gudumu, imachepa. Yomwe inabwera ndi galimoto yanu ndi ya 7/8 ya inchi m'mimba mwake, kapena kuti mamilimita 22.2, ndipo nkhope ya pisitoni yake ndi masikweya milimita pafupifupi 388. Ya inchi imodzi ndi ya mamilimita 25.4, ndipo nkhope yake ndi pafupifupi 507. Kusiyanako ndi 31 pa 100 alionse. Pamene munkaponda ndi mphamvu ya makilogalamu 20 mudzafunika pafupifupi 26 kuti galimoto iime chimodzimodzi. Oyendetsa pa mipikisano amakonda zimenezi chifukwa phazi limayeza bwino kulimba kusiyana ndi mtunda, komanso pedulo yosatsika imawathandiza kuponda mafuta ndi chidendene kwinaku akuponda mabuleki posintha magiya. Koma pamzere wa magalimoto m'tauni mwendo umatopa, ndipo tsiku limene injini idzazima mukutsika phiri, booster (chida chowonjezera mphamvu ya phazi injini ikamalira) n'kusiya kuthandiza, mphamvu yowonjezerayo mudzaimva kwambiri.

Choncho yambani mwapima galimotoyo, zomwe sizifuna ndalama. Injini ili chizimire, pondani pedulo kangapo mpaka ilimbe, kenako muigwire ndi mphamvu yapakatikati kwa theka la mphindi. Ikamatsika pang'onopang'ono koma pansi osaona mafuta akudontha, ndiye kuti malabala a mkati mwa master cylinder atha, ndipo yatsopano ya kukula komweko ibwezeretsa zonse. Ikakhala yofewa ponseponse n'kumalimbako mukapopa, kawirikawiri m'mapaipi muli mpweya. Ikakhala yaitali poiponda koyamba pokha, kachiwiri n'kugwira pamwamba, mapadi ali kutali ndi disiki.

Pa mfundo yomalizayi ndiimepo pang'ono, chifukwa ndi yomwe inandidyera ndalama pa galimoto yanga ya mtundu womwewu. Ma caliper (zitsulo zomwe zimakankhira mapadi pa disiki) akumbuyo a Roadster zakalezi ali ndi poasinthira pobisika. Kuseri kwa caliper kuli bawuti ya 14 mm yomwe ili ngati chotsekera chabe, ndipo mukaichotsa mumapeza kasikuluwu kozungulitsidwa ndi Allen key ya 4 mm. Mumakamanga mpaka disiki itayamba kugwira mukaizunguza ndi dzanja, kenako n'kukabweza gawo limodzi mwa magawo atatu a kuzungulira kumodzi, mosakakamiza chifukwa mano ake sachedwa kuperepeseka. Kugalaja ina anandiikira mapadi atsopano osakhudza kasikuluwuko, ndipo ndinayenda miyezi ndikudandaula, ndikugula mabotolo a brake fluid n'kumachotsa mpweya umene munalibe. Tsiku limene ndinagwada ndekha n'kusintha mbali zonse ziwiri, pedulo inakwera nthawi yomweyo.

Zina zofunika kuona ndi mapini amene caliper imatsetserekapo, chifukwa akagwira dzimbiri mapadi amatha mopendekeka ndipo pedulo imatalika, komanso ma bearing a magudumu, omwe akayamba kugwedera amakankhira pisitoni m'mbuyo mukamakhota. Mapaipi alabala opita ku magudumu, ngati sanasinthidwepo pa galimoto ya zaka pafupifupi 30, amafufuma mukaponda, ndipo okulungidwa ndi waya wachitsulo amathandiza. Brake fluid nayenso amayamwa chinyezi: wa mtundu wa DOT 4 akakhala watsopano sayenera kuwira asanafike madigiri 230, koma muyezo wa amene wayamwa madzi ndi 155 okha, n'chifukwa chake pedulo imafewa mukatsika phiri lalitali. Musinthe zaka ziwiri zilizonse, ndipo musadzathiremo DOT 5, yemwe ndi wa silicone ndipo sasakanikirana ndi DOT 3, DOT 4 kapena DOT 5.1. Pomaliza, tsegulani boneti, mnzanu aponde mwamphamvu inu mukuyang'anitsitsa master cylinder. Mukaiona ikusunthira kutsogolo, ndiye kuti firewall, lata lolekanitsa injini ndi mokhala anthu, ikupindika, ndipo kachitsulo kochirikiza komangirira pamwamba pa shoko kamachotsa gawo lina la kufewako.

Mukachita zonsezi koma mtima n'kukhalabe pa master cylinder yaikulu, maganizo anga ndi awa. Ngati ma caliper anu ndi omwe anabwera ndi galimoto, inchi imodzi ndi yopitirira pa kuyenda kwa tsiku ndi tsiku. Ya 15/16, ya mamilimita 23.8, imawonjezera pafupifupi 15 pa 100 alionse, ndipo Mazda yeniyeniyo inaiika pa ena mwa ma MX-5 a kuyambira 2001, koma ndi bwino kuitenga pamodzi ndi booster yake. Ya inchi imodzi, kaya yochokera ku Mazda 929 kaya ya kampani ya Wilwood, imayenerera mukaika ma caliper a mapisitoni anayi amene amamwa mafuta ambiri. Kukula kwa master cylinder sikusintha kagawidwe ka mphamvu pakati pa mabuleki akutsogolo ndi akumbuyo, choncho musayembekezere kuti master cylinder yaikulu ikonza zimenezo.

Pogula, kumbukirani kuti galimoto yanu ili ndi chiwongolero kumanja, pamene zida zambiri zogulitsidwa pa intaneti anazipangira magalimoto a ku America, ndiye muone mbali imene mapaipi amatulukira komanso mazinga ake, poti a Mazda ndi M10 x 1.0. Poika, muyambe mwachotsa mpweya mu master cylinder isanakwere pa galimoto, ndipo muyeze kandodo kochokera mu booster. Kakatalika ngakhale pang'ono kamatseka kabowo kobwezera mafuta mu thanki, ndipo mabuleki amayamba kudzigwira okha akatentha; kakafupika, pedulo imayenda mtunda wopanda ntchito, vuto lomwe mumafuna kuthawa lija. Brake fluid akadonthera pa penti mutsuke ndi madzi msanga chifukwa amaidya. Mukamaliza, muyesere pa msewu wopanda anthu, kuyambira pa liwiro lotsika.

Mukapima pedulo monga ndafotokozera, mutiuze pano ngati ikutsika mukaigwira kapena ikulimba mukapopa, komanso ngati galimoto yanu ili ndi ABS (chida choletsa magudumu kulokeka mukaponda mabuleki mwamphamvu), chifukwa mpweya ukalowa mu pampu yake kachotsedwe kake kamakhala kosiyana.