Za ganyu ya matabwa kuphiri, ndimvereni kaye

Achimwene, musakwere phiri la Mulanje chifukwa choti munthu wakulonjezani ganyu ya matabwa pa foni. Ine ndinakwerako mu 2016, ndipo mpaka lero ndikamva fungo la utuchi mtima umandiwawa.

Bwana wathu ankakhala ku Limbe. Anatitenga anyamata 8 kupita nafe ku Chambe, pamwamba pa phirilo, kukacheka mapaini ndi sowo uja wa anthu awiri, wina pamwamba, wina pansi utuchi ukumuthira m'maso. Anati mapepala onse a ku Forestry ali nawo. Miyezi iwiri tinkagona m'chisakasa cha pulasitiki, chiperoni chikutilowa m'mafupa, ndiwo bonya tsiku ndi tsiku. Thabwa pamutu, kutsika nalo mpaka ku Likhubula, nkhata itaphwatalala, mawondo akunjenjemera.

Tsiku lomaliza tinaunjika matabwa m'mbali mwa msewu kudikira lole. Loleyo sinabwere, kunabwera alonda a nkhalango ndi apolisi. Atagumula muluwo anapeza pansi pake matabwa a mkungudza, onunkhira aja, amene ife sitinacheke. Kapitawo anali atawalowetsa usiku, iye n'kuzemba m'mamawa akuti akukagula fodya. Ndinapempha wapolisi kuti ndiyimbire bwana, anandilola. Ndinayimba kasanu, manja akunjenjemera, foni yozimitsa. Amayi ogulitsa nthochi pamenepo ankandidziwa, nkhani inafika kumudzi ine ndisanafike n'komwe kupolisi. Ndinagona m'chitolokosi masiku 4. Mayi anga anagulitsa mbuzi ziwiri zomwe ankasungira fizi ya mlongo wanga kuti alipire chindapusa. Malipiro a miyezi iwiri sindinaone ngakhale tambala. Bwanayo ndinakumana naye chaka chatha pa Chitakale ali m'galimoto yatsopano, anandiyang'ana ngati sanandionepo. Anthu oterewa ndi amene anamaliza phiri lathu, koma omangidwa ndife onyamula.

Ndiye mukacheka chiyani kumtundako panopa? Mapaini a ku Chambe anatha. Mkungudza, mtengo wa fuko lathu, ofufuza atawerenga mu 2017 anapeza ikuluikulu 7 yokha phiri lonse. Pamene namondwe wa Freddy anatsitsa miyala ndi matope mu March 2023 tonse tinaona kuti phiri lili maliseche. Ku Chikangawa komwe anzathu ankathawira nakonso moto ndi macheka zinadya kwambiri.

Ntchito yooneka ili m'maesiteti a tiyi kuno ndi ku Thyolo, poti amadzala bulugamu wawo wa nkhuni zoumitsira tiyi. Malipiro ndi ochepa koma amabwera. Ena anapezako kangachepe m'manazale a mbande za mkungudza amene a Mulanje Mountain Conservation Trust anathandiza kuyambitsa m'midzi. Ngati MSCE munakhoza bwino, yesani koleji ya za nkhalango ku Dedza.

Komabe ndisakunamizeni, ndalama ili m'matabwa. Chigwetsereni kwacha ndi 44 peresenti mu November 2023 thabwa linakwera mtengo, koma anthu akumangabe nyumba. Mukapeza mpamba gulani bulugamu wa m'munda mwa munthu, amfumu achitire umboni, mucheke nokha. Ngati mwatsimikiza zokwera ndi bwana wanuyo, chiphaso chake cha ku Forestry muchigwire ndi manja anu muwerenge dzina ndi deti, ndipo azikulipirani Loweruka lililonse. Ineyo nditapeza mpamba mawa lomwe ndikagula sowo.