Musathamangire kutchire, yambani ndi Lake Simcoe

Achimwene, ndaliona funso lanu. Mukufuna kutenga alamu ndi ana awiri kukawedza pa ayisi nyengo yozizira ino, mwamva kuti nsomba zenizeni zili kumpoto kwa Ontario, kuno ku Canada, komwe kulibe anthu, ndipo mukufunsa zoti mugule. Ine ndingati ulendo woyamba musapite kutchire ayi, komanso musagule auger (choboolera ayisi), tenti kapena hita. Ndalamayo ipite kumapazi kwa anawo.

Kuchokera ku Toronto, Lake Simcoe ndi ulendo wa ola limodzi ndi pang'ono. Mukatsata Highway 404 mufika ku Keswick ndi ku Cook's Bay, komwe madzi si akuya, amaundana msanga, ndipo perch ndi mbwee. Perch ndiye nsomba ya ana. Ndi yaing'ono, imayenda m'magulu, ndipo gulu likafika pansi pa dzenje lanu mwana amakoka ina pambuyo pa inzake osapuma. Lake trout ndi whitefish zimakhala kozama, monga ku Kempenfelt Bay kufupi ndi Barrie, ndipo zimafuna munthu wodekha amene angakhale maola angapo osagwira kanthu. Mwana wa zaka 6 sapirira zimenezo, amayamba kulira kuti tizipita.

M'mbali mwa nyanjayi muli anthu amene amabwereketsa timanyumba ta pa ayisi. Mumalipira pa munthu, amakunyamulani kuchokera kumtunda, mukafika mupeza maenje oboola kale, moto ukuyaka, nyambo ilipo, ndipo ambiri amabwereketsanso ndodo zowedzera. Chachikulu kuposa zonsezi n'chakuti iwowo amayeza ayisi tsiku ndi tsiku, amadziwa pomwe pang'ambika ndi pomwe pali madzi oyenda pansi. Mukapita kamodzi kapena kawiri mudziwa ngati banja lanu likuikonda nkhaniyi. Mabanja ena amabwerako atalumbira kuti sadzapondanso, ndiye taganizani mutagula katundu yense.

Pa za ayisi ndikhalitsepo pang'ono, chifukwa ife tinakulira kumene madzi saundana ndipo diso lathu silidziwa kuwerenga. Canadian Red Cross imati ayisi wonenepa masentimita 15 ndiye woyenera munthu woyenda yekha, 20 pa gulu la anthu, 25 pa snowmobile (njinga yamoto yoyenda pa sinowo). Koma kunenepa kokha si nkhani yonse. Ayisi woyera mbuu, wosakanikirana ndi sinowo, mphamvu yake ndi pafupifupi theka la ayisi woonekera bwino wamtundu wabuluu kapena wakuda. Wotuwa ndiye musamuponde n'komwe, ali ndi madzi m'kati. Ayisi sakhalanso wofanana nyanja yonse: pafupi ndi pomwe mtsinje ukulowa, pansi pa milatho ndi pamene pali mabango amakhala wopyapyala ngakhale pakati pa Febuluwale. Mukaona magalimoto ataimikidwa pa nyanja musatengeke. Yanu isiyeni kumtunda.

Aliyense, ndi ana omwe, akhale ndi ice picks pakhosi. Ndi timitengo tiwiri tokhala ndi misomali kumapeto, tomangidwa pachingwe, ndipo mtengo wake ndi wochepa kwambiri ku sitolo ya Canadian Tire. Munthu ukagwa m'madzi, manja amangotsetsereka pa ayisi wonyowa, koma ndi misomaliyo umabaya n'kudzikoka, miyendo ukumenya madzi, kubwerera mbali imene unachokera poti kumeneko ayisi anakunyamula kale. Ukatuluka suimirira, umagubuduka. Pulofesa Gordon Giesbrecht wa ku University of Manitoba amaphunzitsa lamulo la 1-10-1: miniti imodzi yoti ugwire mpweya wako usamwe madzi, mphindi 10 zimene manja ndi miyendo zimakhala zikumverabe, ndi pafupifupi ola limodzi usanakomoke ndi kuzizira. Afotokozereni ana zimenezi kunyumba, mofatsa. Mutengenso chingwe chachitali choponyera munthu.

Tsopano zovala. Kuzizira kumalowera kuphazi chifukwa tsiku lonse mwaponda pa ayisi. Gulani majombo enieni a nyengo yozizira, osalowa madzi, okulirapo pang'ono kuti zala zizisewera. Jombo yothina, ngakhale yodula bwanji, imazizira. Masokosi akhale aubweya, ndipo ena akhale m'chikwama. Zovala za thonje musaike pakhungu: mwana akathamanga n'kutuluka thukuta, thonje limasunga chinyezi, ndipo akangokhala pansi ayamba kunjenjemera. Magolovesi atengereni awiriawiri chifukwa oyamba anyowa pasanathe ola, mwana sangaone dzenje la madzi osapisamo dzanja. Kunsi kwa majombo mangani tizitsulo toletsa kuterereka. Fulasiki ya tiyi wa mkaka, mandasi kapena buledi, basi tsiku layenda.

Mukadzaikonda n'kufuna zanuzanu, mndandanda wake si wautali. Auger yamanja ya mainchesi 6 imakwana pa perch ndipo siitopetsa kuboola, komanso dzenje laling'ono mwendo wa mwana sulowamo mosavuta. Ndodo zazifupi za pa ayisi, tizitsulo tonyezimira tokhala ndi mbedza, chipande chochotsera ayisi m'dzenje, ndowa yomwe ndi mpando womwe, ndi sled yokokera katundu. Tip-up ndi yosangalatsa kwa ana: ndi kachipangizo komwe mumakhazika padzenje, nsomba ikakoka kambendera kamadzuka, ana n'kuthamangira. Tenti ndi hita ya propane zibwere pomaliza, ndipo mukagula musatseke timawindo tonse. Utsi wa carbon monoxide sununkha, munthu amangomva mutu ndi tulo. Kachipangizo kochenjeza za utsiwo n'kofunika kuposa makina oonera nsomba amene amalonda adzakukakamizani.

Za malamulo musazitenge mwachibwana, chindapusa cha kuno chimawawa. Akulu mufunika Outdoors Card (khadi la boma la owedza ndi alenje) ndi laisensi, zonse zimagulidwa pa intaneti. Ana osakwana zaka 18 okhala ku Canada safuna laisensi, angokhala ndi chiphaso chosonyeza dzina ndi tsiku lobadwa. Wiikendi ya Family Day mu Febuluwale okhala ku Canada amawedza opanda laisensi, koma malire a nsomba amakhalapobe. Pa ayisi madera ambiri amalola zingwe ziwiri pa munthu, ndipo muyenera kukhala poziona, osapitirira mamita 60. Ku Simcoe nyengo yowedza lake trout ndi whitefish pa ayisi imayamba pa 1 Januwale n'kutha pa 15 Malichi. Nyambo ya tinsomba tamoyo gulani m'dera lomwe mukuwedzalo, sungani lisiti, ndipo zotsala musazitayire m'nyanja. Ponyamula nsomba kupita nazo kunyumba lamulo limafuna kuti zizizindikirika mtundu wake ndi kuwerengeka, zomwe kwa ife si vuto poti mutu wa nsomba sititaya. Perch wokazinga wathunthu, tomato pang'ono ndi nsima, amayandikira ndithu kachambo ka ku Mangochi. Koma onani kaye buku la boma lotchedwa Guide to Eating Ontario Fish, chifukwa nsomba zikuluzikulu zimakhala ndi poizoni wa mercury wambiri ndipo malangizo a ana ndi amayi oyembekezera ndi osiyana ndi a ena.

Kumpoto komwe mukukufunako kudzabwera. Sitepe yachiwiri ikhale Lake Nipissing ku North Bay, maola pafupifupi anayi pa Highway 11. Kumeneko kuli walleye, yomwe eni dera amaitcha pickerel, ndipo kuli timanyumba togonamo pa ayisi pomwepo, tokhala ndi mabedi ndi chitofu. Mutenge tepi yoyezera chifukwa malamulo a kutalika kwa walleye ndi okhwima. Kupitirira apo, ku Temagami ndi kumtunda kwake, ine ndi ana aang'ono ndingapite nthawi yotentha, kudzera ku lodge kapena kwa munthu wodziwa nyanjazo. Netiweki ya foni imasowa, chipatala chili kutali, ndipo mu Januwale kuzizira kumafika madigiri 30 pansi pa ziro. Nthawi yotenthanso musasankhe kumapeto kwa Meyi kapena Juni, pamene tintchentche toluma totchedwa blackfly timakhala tili pachimake. Ogasiti ndiye wabwino. Chakudya usiku musasunge mutenti chifukwa cha zimbalangondo, ndipo wina kunyumba adziwe nyanja imene mwapita ndi tsiku lobwerera.

Ngati mwasankha wiikendi ya Family Day, imbirani eni timanyumba mu Januwale momwemo, malo amatha msanga. Pofunsa nenani zaka za ana ndipo pemphani kanyumba ka perch ka pafupi ndi kumtunda. Funsaninso ngati kuli chimbudzi, alamu adzakufunsani zimenezo musanatuluke pageti.