Yankho kwa achemwali ofunsa za paipi yodyetsera ya pamimba

Achemwali, mwafunsa ngati bambo adzagonekedwe tulo powaika paipi ya pamimba ija amaika akuyang'ana pa X-ray, komanso ngati zimapweteka. Ine ndinali gadiyani wa amalume anga omwe anadwala khansa ya pakhosi, ndiye ndikuuzeni zomwe ndinaona.

Nthawi zambiri tulo sawagoneka ayi. Amayamba ndi kapaipi kakang'ono ka m'mphuno, n'kupopera mpweya m'chifu kuti chifufume, chioneke bwino pa makina. Kenako jakisoni wa dzanzi pamimba, timabatani tokokera chifu kufupi ndi khungu, n'kuboola. Kawirikawiri sizidutsa ola limodzi. Amalume anadandaula kwambiri ndi kapaipi ka m'mphunoko kuposa kuboolako.

Ululu weniweni umabwera dzanzi likatha. Masiku oyamba kukhosomola ngakhale kutembenuka pabedi n'kovuta, ndiye musachite manyazi kupempha mankhwala. Koma m'maola 72 oyamba, ululu ukamakula pamene mukuthira chakudya, kapena pabowopo pakamatuluka magazi kapena chakudya, siyani kudyetsa, itanani anamwino nthawi yomweyo.

Ntchito yaikulu ili kunyumba. Paipi imatsekeka msanga, makamaka ndi phala lathuli. Likuni Phala azikhala wamadzimadzi ndi wosefa bwino, ndipo a zakudya kuchipatala akuuzeni muyezo wake. Musanadyetse komanso mukamaliza, tsukani paipi ndi madzi owiritsa ozizira pogwiritsa ntchito sirinji. Mapiritsi musawasakanize m'phala, ndipo funsani kaye, chifukwa ena sayenera kuperedwa. Bambo azikhala tsonga podya, ndipo asagone mpaka patapita mphindi 30. M'kamwa muziwatsukabe ngakhale sakudyera pakamwa, ambiri timaiwala zimenezi.

Chimene ndikufuna musachiiwale n'chakuti paipi ikazuka, bowo limayamba kutsekeka m'maola ochepa chabe. Kaya muli ku Chinsapo kaya ku Area 25, musadikire kuti kuche, phimbani ndi kansalu koyera, pezani galimoto. M'masabata oyamba musayese n'komwe kuibwezera nokha, ingathe kulowa pambali pa chifu.

Musanatuluke m'wodi, funsani ngati paipiyo ili ndi kabaluni ka madzi mkati koigwira kuti isazuke ndi amene azikayang'anira, tsiku lochotsa timabatani tija, komanso komwe mungapeze masirinji ndi paipi ina. Nambala ya foni ya kuwodi mutengenso.