Mwana akungopanga masewero m'kalasi, ndiye kuti akuphunziradi?

Mayi wina wandilembera kuti mwana wawo ali sitandade 3 ndipo masiku ano akaweruka nkhani yake imangokhala yoti "lero ndinali dontho la madzi", mawa lake "ndinali wogulitsa", koma akatsegula kope lake zolemba ndi zochepa. Akuda nkhawa kuti mwina aphunzitsi akungowatayitsa nthawi anawa, ndiye akufunsa ngati apite akadandaule kwa ahedi.

Mayi, kwa ahedi musapiteko kaye. Madzulo ano mumuitane mwanayo mumufunse kuti dontho la madzi lija linapita kuti, kenako mungokhala chete mumvetsere. Akakuuzani kuti poyamba tinanjuta pansi ngati tili m'nyanja, mnzathu wina anali dzuwa ndiye atatiwomba tinayamba kudzuka pang'onopang'ono kukwera kumwamba, kumwambako kunazizira tinagwirana manja kukhala mtambo, titachulukana tinalemera basi tinagwa ngati mvula nkuyendanso kubwerera kunyanja, dziwani kuti mwanayo wakufotokozerani kayendedwe konse ka madzi, phunziro la sayansi lomwe ena amaliloweza pabolodi sabata yathunthu koma ukawafunsa chifukwa chake mtambo umagwetsa mvula amangokuyang'ana.

Chimene chimachitika nchakuti zomwe munthu wachita ndi thupi lake zimakhazikika m'mutu kuposa zomwe wangomva kapena kukopera. Akatswiri ofufuza za kukumbukira akhala akuziona zimenezi kuyambira zaka za m'ma 1980, kuti munthu ukamuuza mawu oti "tsegula chitseko" iye nkuchitadi ndi manja ngati akutsegula, amawakumbukira bwino kuposa amene wangowamva. Nanji mwana wa zaka 8 amene kukhala phee pa desiki kwa ola lathunthu ndi chilango kale.

Komanso njirayi si yachilendo ayi. Harriet Finlay-Johnson, yemwe anali hedi pa kasukulu ka kumudzi ku Sompting m'dziko la England, ankaphunzitsa mbiri yakale, jogalafe ngakhale masamu kudzera m'masewero ndipo analemba buku lofotokoza njirayi mu 1911. Patapita zaka kunabwera Dorothy Heathcote, anabadwa mu 1926 nkumwalira mu 2011, ankaphunzitsa aphunzitsi ku yunivesite ya Newcastle. Mayi ameneyu ine amandisangalatsa kwambiri chifukwa iye sankaima pambali kumawongolera ana, ankalowa nawo m'sewero momwemo, ndipo ana ndi amene ankawapatsa udindo wa akatswiri. Tangoganizani aphunzitsi alowa m'kalasi ngati munthu amene mbewu zake zikufota, "akatswiri inu ndithandizeni, ndalakwitsa pati?" Ana amayamba kufunsa okha, mumathirira kangati, dzuwa limafikapo, dothi lake ndi lotani. Mwana amene samakweza dzanja chaka chonse umangomuona watsegula pakamwa chifukwa pano amene akusowa thandizo ndi aphunzitsi, iyeyo ndi wodziwa.

Koma nkhawa yanu sindikuitaya, chifukwa sewero lotayitsa nthawi liliponso ndithu. Ngati ana atatu ochenjera okhaokha ndi amene amapita kutsogolo tsiku lililonse ena onse nkumangoonerera ndi kuseka, pamenepo aphunzira atatuwo basi. Ngati akutha masabata kuloweza mawu ndi kusoka zovala kuti adzaonetse makolo tsiku lotsekera, chimenecho ndi chisangalalo, nchabwino, koma si chimene tikukamba pano. Sewero lophunzitsira limakhala lalifupi, mphindi 10 kapena 15 zakwana, aliyense ali ndi mbali yake, ndipo likatha ana amakhala pansi aphunzitsi nkufunsa kuti taona chani, chifukwa chani zinatero, kenako alembe kapena ajambule. Gawo lomalizali ndi limene ambiri amalidumpha belu likalira, ndipo ndi pamene ine ndingafune kuti muyang'anitsitse, chifukwa mayeso akadzafika mwana adzafunika kuika pa pepala zomwe thupi lake likudziwa kale.

Ndiye pitani kwa aphunzitsi ake enieniwo, mwaulemu, muwafunse kuti sewero la dontho lija cholinga chake chinali chani ndipo ana analemba chani pambuyo pake. Mphunzitsi amene akudziwa chomwe akuchita ayankha mosavuta, mwinanso asangalala kuti kholo lafunsa. Akasowa choyankha, apo ndiye mukhoza kupempha kuti zolemba zizitsatira sewero lililonse.

Kunyumba nanunso mukhoza kuthandiza osawononga kalikonse. Za wogulitsa zija, tolani zitsekerero za mabotolo zikhale ndalama, inu mukhale kasitomala, mumupatse zochuluka dala kuti awerengere chenji, nthawi zina muzichita ngati mwalakwitsa kuti akugwireni. Pa kuwerenga, tengani kankhani ka m'buku lake mugawane anthu ake, iye awerenge mawu a mmodzi inu a winayo, mubwereze katatu kanayi mukusintha mawu, kubwereza kumeneko ndi kumene kumachotsa kudodoma powerenga. Ndipo ngati ali wamanyazi musamukakamize kuima pamaso pa anthu, muvekeni sokosi yakale kudzanja ikhale kachidole, kachidoleko ndi kamene kazilankhula, iye azingokathandiza.